Munthu Amene Ankanyamutsa Sitima ku Oakville

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Hirano. Palibe amene wandipempha kuti ndilembe za iwo. Amalawi ochepa amene timapemphera nawo kuno amangowakumbukira ngati mdala wa ku Japani uja ankaloza sitima ndi chala, ndipo ena amaseka akamawatchula. Ine sindiseka. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ntchito ya njanji ndinaigwira ku Limbe ndi ku Balaka mpaka imvi, ndipo munthu wa njanji ndimamuzindikira ndi kaimidwe kake.

Ku Canada ndinabwera chifukwa cha mwana wanga Esinati, amene ndi namwino. Amayi ake atamwalira anati sindingakhale ndekha kumudzi. A Hirano nawonso anachita kuitanidwa ndi mwana wawo wamwamuna, a Osamu, amene ankagwira ntchito ya muofesi ku Toronto. Tinali nkhalamba ziwiri zosungidwa ndi ana mumsewu umodzi ku Oakville, aliyense m'chipinda chapansi. Iwo anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri. Chingerezi chathu tonse chinali chothyokathyoka. Zimene ndikulemba pano ndinazimva pang'onopang'ono, zina ndi mawu, zina ndi manja, zina pojambula ndi ndodo pa sinowo.

Ndinawaona koyamba pa siteshoni. Ndinkapitako m'mawa chifukwa ndinalibe chochita, komanso fungo la njanji ndi limodzi kulikonse. A Osamu ankabwera kutsogolo ndi chikwama, bambo awo pambuyo. Mwana akalowa m'gulu la anthu odikira, bambo ankapitirira mpaka kumapeto kwa pulatifomu, n'kutulutsa magolovesi oyera m'thumba. Ankaima chilili, zidendene pamodzi. Zitseko zikatsekeka ankaloza kutsogolo kwa sitima, kenako kumbuyo, kenako ku nyale ya siginolo, ndipo poloza paliponse ankanena mokweza mawu amodzi, “Yoshi,” kutanthauza kuti zili bwino. Sitima ikanyamuka ankawerama, osadzuka mpaka bogi yomaliza itapita. Palibe anawalemba ntchito imeneyo. Sitimayo inali ndi anthu ake, ndipo ikananyamuka ngakhale iwo akanagona kunyumba.

Nditawauza kuti nanenso ndine wa njanji anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuona chala chimene chinaphwanyika polumikiza mabogi ku Limbe. Anagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo ankanditcha Mbewe-san, kutanthauza a Mbewe mwaulemu wa kwawo, ndipo ankandilola kuima pambuyo pawo, koma osati pambali.

Kuloza kuja ndi mwambo wa ntchito kwawo. Ankati diso limanama likakhala lokha. Munthu wotopa amayang'ana nyale yofiira n'kuona yobiriwira chifukwa ndiyo akuifuna. Koma ukailoza ndi chala, n'kuitchula ndi pakamwa, khutu lako lomwe n'kumva, thupi lonse lachitira umboni. Ankaloza ngakhale mbaula ya kukhitchini akaizimitsa. Mpongozi wawo ankadana nazo.

Ntchito anaiyamba ali mnyamata, akusesa pa kasiteshoni kakang'ono kunja kwa mzinda wa Osaka. Dzina lake linkandikanika kutchula, koma anandimasulira kuti ndi Chitsime cha Nkhandwe. Pamene kampani inkayala njanji kumeneko kunali minda ya mpunga yokhayokha, ndipo anthu ankaseka kuti sitima yamagetsi izinyamula achule. Kampaniyo inagula minda ya m'mbali mwa njanji, n'kumanga nyumba, n'kugulitsa kwa makalaliki a mutauni. Kumapeto kwa njanji mumzinda inamanga sitolo yaikulu ya nsanjika pamwamba pa siteshoni penipeni, kuti amuna akapita kuntchito akazi nawonso azikwera masana. Kumapeto enawo, kuphiri, inamanga malo osambira ndi osewerera ana, kuti Lamlungu mabogi asamayende opanda anthu. Ankakonda kunena kuti kwawo sitima ndiyo imatsogola, anthu amabwera pambuyo. Ine ndinawauza kuti kwathu njanji inatsata fodya ndi tiyi, munthu ankangokwera ngati malo atsala. Anandiyankha kuti imeneyo si njanji, ndi ngolo.

Atakula anawaika pachipata, kuboola matikiti. Siteshoni iliyonse inali ndi chiboolero chake chodula mosiyana ndi zinzake, china ngati mwezi, china ngati mchira wa nsomba. Woyang'ana tikiti potuluka ankadziwa kumene munthu wakwerera pongoona kadulidwe. Oboolawo ankaliza chitsulocho mosalekeza ngakhale palibe wodutsa, aliyense ndi kalizidwe kake, moti akazi awo a Hirano ankadziwira kutsidya kwa msewu kuti lero pachipata pali amuna awo. Chiboolerocho anachisiya komweko chifukwa chinali cha kampani. Koma chala chachikulu cha dzanja lawo lamanja sichinaleke. Tikakhala pa benchi chinkangoyenda chokha pabondo.

Tinkakangana. Ndisabise, munthuyo anali wouma mutu ngati ine.

Tsiku lina anandifotokozera monyada za zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene minda yonse ija inasanduka nyumba ndipo anthu anachuluka kuposa mabogi. M'mawa antchito a pa siteshoni ankakankha anthu ndi manja kuti zitseko zitsekeke. Anandionetsa kakankhidwe kake pamsana panga, n'kunena kuti pali ulemu wake: sukankha ndi chibakera, sugwira mkazi m'chiuno, ndipo umapepesa uku ukukankha. Ine ndinati munthu si fodya woti uzimupondereza m'belo. Iwo anati kusiya munthu pa pulatifomu kuti akachedwe kuntchito ndiye nkhanza. Ine ndinati ku Balaka gadi ankaimitsa sitima akaona mayi akuthamanga ndi dengu pamutu, ndipo palibe anafa chifukwa chofika mochedwa. Anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kunyamuka. Sanandilankhule kwa masiku angapo. Atabwerera anandibweretsera mbatata yootcha yokulunga m'nyuzipepala, koma sanavomere kuti ndinanena zoona, ndipo inenso sindinavomere.

Za moto ankazinena mosasintha nkhope. Chakumapeto kwa nkhondo ndege zinaponya mabomba ndipo siteshoni ya Chitsime cha Nkhandwe inapsa, kutsala pulatifomu yokha. Anazula chitseko cha nyumba ina yogumuka, n'kuchigoneka pa migolo iwiri, ndipo pamenepo ndi pamene ankagulitsira matikiti. Mabogi analibe magalasi, anakhomamo matabwa. Anthu ankakwera mpaka padenga kupita kumidzi kukasinthanitsa zovala ndi chakudya. Iwo ankaima pa phulusa ndi yunifomu yothimbirira, n'kumaloza monga mwa masiku onse. Ankati mzinda ukapsa, chinthu choyamba chimene anthu amafuna kumva ndi sitima ikubwera pa nthawi yake.

Mavuto a ku Oakville anayamba mwakachetechete. Anzawo a Osamu a m'sitima ankawaseka kuti bwana wa siteshoni watilola, tiyeni tizipita. Mayi wina anafunsa anthu a pa siteshoni ngati mdalayo mutu ukuyenda bwino. Anthu a pa siteshoniwo sanawathamangitse a Hirano, anangowapempha kuti asamayandikire m'mphepete. Nkhani inafika mpaka kwathu. Esinati anandipeza ndikuvala jasi m'mawa.

“Ababa, anthu akukomplena. Inu mukamapita nawo ndiye mukuwalimbikitsa.”

“Akukomplena ndani? Sitima inachedwapo chifukwa cha iwo?”

“Si zimenezo, ababa. Kuno munthu akamakuwa yekha pagulu amamufonera apolisi.”

Ndinamuuza kuti akafone, ndipo ndinatuluka.

Chaka chimenecho a Osamu anatumidwa ku Japani ndi ntchito. Pobwera anatenga zithunzi. Anandiitana nanenso kuti ndidzaone, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ankafuna mboni. Anaziyala patebulo. Chitsime cha Nkhandwe kunalibe. Njanji anaikweza m'mwamba pa zipilala za simenti, masiteshoni awiri aang'ono anawaphatikiza n'kumanga imodzi yaikulu pakati. Pachipata panalibe munthu, panali makina omeza tikiti n'kuilavula kutsogolo. Pamene panali pulatifomu yakale panali poimika njinga. A Osamu ankalankhula mofatsa m'chilankhulo chawo, akuloza chithunzi chilichonse, ndipo tanthauzo ndinalimva ngakhale mawu sindinawamve: zinatha, bambo, pumulani. A Hirano anayang'ana zithunzi zonse chimodzichimodzi, n'kuzisonkhanitsa bwinobwino, n'kuzibweza ndi manja awiri. M'mawa mwake anali pa siteshoni ndi magolovesi awo.

Sabata yotsatira a Osamu anayamba kupita kuntchito pa galimoto.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha, mwina n'kwabwino. Koma mdala anasokonekera. Tsiku loyamba anaima pakhomo pa galaja, n'kuloza kumanzere kwa msewu, kumanja, koma galimoto inatuluka asanamalize. Galimoto ilibe siginolo, ilibe nthawi, imangopita mwini wake akafuna. Anayesa masiku angapo mpaka mpongozi anayamba kuwatsekera chitseko. Atalephera anabwerera ku siteshoni, kukanyamutsa sitima imene mwana wawo sanalimo. Manja ankachita zonse monga kale, koma mawu sankamvekanso. Anayamba kuonda.

M'mawa wina kunazizira kwambiri moti tinabisala m'kanyumba kodikiriramo. Ndinawafunsa mosazungulira kuti akudzivutitsiranji. Anati a Osamu sanali mwana woyamba.

Woyamba anali Shigeru. Anaitanidwa ku usilikali nkhondo ili pakati. Masiku amenewo mnyamata akamapita, mudzi wonse unkamuperekeza ku siteshoni ndi timbendera ndi nyimbo. Tsiku limenelo a Hirano anali pa ntchito, ndipo nthawi imeneyo anali atakwezedwa, ndiwo ankanyamutsa sitima. Akuluakulu anawauza kuti apume, wina awagwirire. Anakana. Anati mwana wawo anyamutsidwa ndi bambo ake. Zitseko zinatsekeka. Analoza kutsogolo. Analoza kumbuyo. Potembenuka kuti aloze siginolo, maso awo anagwera pawindo, ndipo mnyamatayo anali pomwepo, chipumi chitagunda galasi, akuwayang'ana. Iwo anamuyang'ananso. Wezulo anaimba, sitima inanyamuka, dzanja lili m'munsi. Siginolo inali yobiriwira ndithu, sipanachitike ngozi iliyonse, ndipo palibe anazindikira. Koma pa moyo wawo wonse wa ntchito, imeneyo ndiyo sitima yokhayo imene anaitulutsa osamaliza.

Patapita nthawi boma linatumiza kabokosi koyera, n'kunena kuti muli mafupa a Shigeru. Kanali kopepuka. Akazi awo anakatsegula ngakhale zinali zoletsedwa, ndipo munali kamwala.

Ndinawauza kuti zimenezo n'zikhulupiriro chabe. Ndine Mkhristu, ndipo ndinawauza monga Mkhristu kuti masiku a munthu amawerenga ndi Mulungu, osati chala cha bambo ake. Ndinawauzanso za mkulu wanga, amene anakwera sitima ku Limbe kupita ku Burma kukamenyana ndi asilikali a ku Japani komweko. Palibe anamulozera siginolo, ndipo anabwera wamoyo. Nditatchula Burma anandiyang'ana, n'kuweramitsa mutu pang'ono. Sitinaikambenso nkhani imeneyo. Koma pa za Mulungu anandiyankha.

“Mbewe-san, Mulungu wanu ali ndi ntchito yake. Ine ndinali ndi yanga. Yanga sindinaimalize.”

Loweruka ndinapita kwa a Osamu. Ndinawapeza akutsuka galimoto. Sindine munthu wopempha, koma ndinavula chipewa kwa mwana wa msinkhu wa Esinati. Ndinawauza kuti bambo awo akutha, ndipo mankhwala ake ndi aulere: akwere sitima, aime kamphindi, mdala amalize mwambo wake. Anazimitsa madzi.

“A Mbewe, tsiku limenelo ndinalipo. Ndinali mwana, ndinagwira kambendera. Mkulu wanga sanaphedwe ndi chala cha bambo. Ndipo ine sindipita kunkhondo, ndimapita ku ofesi.”

“Ndiye chovuta n'chiyani? Kuima kamphindi?”

“Kamphindi kameneko ndakhala ndikuima moyo wanga wonse. Popita kusukulu ankandinyamutsa. Popita kukakwatira anandinyamutsa. M'mawa uliwonse amandiyang'ana ngati sindibweranso. Ndinawoloka nyanja kuti ndikhale munthu wongotuluka pakhomo n'kupita.”

Munthuyo sankanama. Ndinavala chipewa changa n'kubwerera. A Osamu sanakwerenso sitima.

Chilimwe chonse chotsatira tinkapitabe ku siteshoni. A Hirano anali atayamba kuiwala zinthu zapafupi, koma masiteshoni a njanji yawo ankawatchula onse mwandondomeko, kuchokera mumzinda mpaka kuphiri, kenako chobwerera, ndi mawu a munthu wolengeza. Chitsime cha Nkhandwe sankaidumpha. Nditawakumbutsa kuti anaigwetsa, anati anagwetsa denga ndi mipanda, koma sitima ikafika pamenepo imachepetsabe liwiro chifukwa pali kona, ndipo konayo sangaichotse. Sindikudziwa ngati zinali zoona.

Kuzizira kutabwerera anagwidwa ndi chibayo. Anagonekedwa m'chipatala chimene Esinati amagwira, ndipo zotsatirazi anandiuza ndi iye, mwana yemwe uja ankati ndikuwalimbikitsa. A Osamu ankabwera madzulo alionse akaweruka. Ankakhala pampando, kulankhula pang'ono, nthawi yoona odwala ikatha n'kunyamuka. Esinati anaona kuti mwana akatembenuka, dzanja la bambo linkatuluka m'bulangete n'kuyamba kuloza, koma chitseko chinkatsekeka lisanafike pachiwiri. Madzulo ena a Osamu anaiwala chipewa, ndipo pobwerera anapeza chala cha bambo awo chidakali m'mwamba. Anaima pakhomo. Esinati akuti ankayembekezera kuti akalipa. Koma anaika chikwama pansi, n'kuima chilili, manja m'mbali. Mdala analoza kumanzere. Anapuma nthawi yaitali. Analoza kumanja. Kenako analoza kanyale kobiriwira kamene kali pamwamba pa khomo lotulukira, ndipo milomo inayenda. Pamenepo mwana anawerama, n'kutola chikwama, n'kutuluka.

Anachita zimenezo madzulo onse otsalawo. Sanali ambiri. Esinati akuti tsiku lina dzanja linakanika kudzuka, ndipo a Osamu anaima pakhomopo mpaka namwino wamkulu anachita kuwapempha kuti azipita.

Thupi analiwotcha monga mwa mwambo wawo. Ine zimenezo sindizimvetsa, koma ndinapita, ndinavala suti, ndinaima kumbuyo. A Osamu anandigwira dzanja ndi manja awiri. Patapita miyezi anagulitsa nyumba n'kusamukira ku Mississauga, pafupi ndi bwalo la ndege. Phulusa la bambo awo ali nalo m'nyumba. Akuti kwawo sakudziwa kumene angakaliike, poti manda a banja anali pafupi ndi njanji ndipo nawonso anasamutsidwa.

Ku siteshoni ndimapitabe, koma osati masiku onse, miyendo yayamba kukana. Ndimakhala pa benchi. Kumapeto kuja sindiimako, ndipo sindiloza, chifukwa si mwambo wa njanji imene inandilera. Chaka chino abweretsa mabogi atsopano a nsanjika, anthu ena amakhala pamwamba n'kumayang'ana pansi. Pamalo pamene mdala ankaima aikapo bokosi lachikasu losungiramo mchere wothira pa ayezi. Chivundikiro chake n'chothyoka, mphepo ikawomba chimamenya. Kuseri kwake simenti inang'ambika ndipo udzu umamera m'nyengo yotentha. Palibe amafika kumeneko, chifukwa zitseko za sitima zimathera chapakati ndipo anthu sakonda kuyenda mtunda wopanda phindu. Zitseko zimatsekeka, injini imalira, sitima imatuluka. Bogi yomaliza imadutsa pa bokosi la mchere lija, n'kukhota, ndipo palibe amaiyang'ana mpaka itazimiririka.